NYALI YATSOPANO IRI M'NJIRA, KOMA TISAIWALE ZA KU KABWE

Dzuwa likangolowa kumudzi, nchito zambiri zimaima. Mai amafulumira kupakula nsima kukali kacisisira, atate amakhala pakhonde kumvetsera wailesi mumdima, ndipo mwana wa Giredi 7 amene mayeso amuyandikira amasendeza buku lace pafupi ndi nyali ya koloboi, maso atafiira ndi utsi, kufikira parafini itatha kapena tulo titamgwira. M'nyumba zambiri koloboi anamtaya kale, ndipo m'malo mwace munalowa toci ya mabatire, kanyali ka sola kapena kuwala kwa foni. Koma funso likali lomwe lija limene makolo athu anali kufunsa poyatsa muuni wa udzu: kodi usiku uno tiona ndi ciani, ndipo zitidyera ndalama zingati?

Pa maulendo anga a nchito m'midzi ya kuno kum'mawa ndaona kuti kuwala si cinthu ca manyado iai. Usiku wina pa kiliniki ina ya kumudzi ndinapeza namwino ali kusoka bala la mnyamata amene anagwa pa njinga, mlonda atamgwirira foni kuti imuunikire, popeza batire la sola linali litafa kale. Ngakhale anzathu a m'matauni, amene tinali kuwasirira kaamba ka malaiti ao, analawa mdima womwewo mu 1 caka cimodzi cowawitsa, caka ca 2024. Mvula inakana, madzi anaphwa m'nyanja ya Kariba, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Popeza magetsi athu oposa magawo 80 pa 100 anali kucokera ku madzi, m'miyezi yotsatira nyumba zambiri zinali kukhala maola ofika 21 pa tsiku popanda magetsi.

Cifukwa cace nkhani iriyonse yonena za nyali yochipa ndi yodya magetsi pang'ono ndi nkhani yathu, ngakhale icokere kutali. Lero ndifuna kukufotokozerani za nyali ya mtundu watsopano imene akatswiri a sayansi ali kuyesa kupanga ku maiko a ku Ulaya, Asia ndi America, kucokera ku mankhwala ochedwa perovskite. Maganizo anga ndiwanenetu poyamba. Nchito imeneyi ndi yabwino ndipo tiyenera kuitsatira ndi cidwi. Koma tisakhale mumdima poidikira, ndiponso tisadzalole kuti ilowe m'nyumba zathu ndi poizoni wa mtovu tisanakonze lamulo lotiteteza.

KUWALA KOYERA KUMAPANGIDWA BWANJI?

Nyali zimene ziri m'matoci, m'mafoni ndi m'tinyali ta sola masiku ano zimachedwa LED. Babu lakale lija lokhala ndi kawaya m'kati linali kuwala cifukwa ca kutentha: magetsi anali kuocha kawayako kufikira katayera, ndipo mphamvu yoposa magawo 90 pa 100 inali kungothera m'kutenthako. Ndico cifukwa cace munthu sanali kuligwira ndi dzanja litayaka. LED iribe kawaya. Iri ndi kacidutswa kakang'ono ngati njere ya mawere, kamene magetsi akapitamo amasanduka kuwala popanda kuyamba apsereza kanthu.

Kusiyana kwace kumaoneka bwino tikawerengera. Babu lakale la mawati 60 ndi babu la LED la mawati 9 amawala mofanana. Ndiye kuti mababu 6 a LED amadya magetsi ocepa kuposa babu limodzi lakale. Babu lakale linali kupsa pambuyo pa maola ngati 1,000, amene ndi masiku 200 ngati muliyatsa maola 5 usiku uliwonse. Babu labwino la LED limafika maola 15,000 kapena kuposerapo, ndiko kuti zaka zoposa 8. Popanda LED, kasola kakang'ono kamene mumayanika pa denga sikakanatha kuunikira nyumba usiku wonse.

Nzeru imeneyi sinadze tsiku limodzi. LED yofiira inapangidwa mu 1962 ndi Nick Holonyak wa ku America, koma ya mtundu wa bluu inasautsa akatswiri zaka 30. Anaigonjetsa ndi anthu atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura. LED ya bluu yowala bwino inaturuka mu 1993, ndipo atatuwo analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Kodi bluu anali wofunika motero cifukwa ninji? Yang'anani utawaleza mvula ikakata. Kuwala kwa dzuwa kumene timati nkoyera ndi mitundu yambiri yosakanizana, ndipo madontho a mvula amangoilekanitsa. Cotero wofuna kupanga kuwala koyera ayenera kusakaniza mitundu, kaya yofiira, yobiriwira ndi ya bluu, kaya ya bluu ndi yacikasu. Tengani toci yanu masana, muyang'ane m'kati isanayatsidwe: mudzaona kadontho kacikasu. Pansi pa kadonthoko pali LED ya bluu, ndipo ufa wacikasuwo umameza gawo lina la kuwala kwa bluu nkulisandutsa lacikasu. Ziwirizo zikakumana, diso limaona zoyera. Nyali zoyera zotere zinayamba kugulitsidwa mu 1996.

Bvuto lace ndi lakuti kacidutswa ka bluu kaja nkobvuta kupanga. Kamapangidwa ndi mankhwala ochedwa gallium nitride m'ng'anjo zotentha pafupi-fupi madigiri 1,000, m'mafakitale a ndalama zoculuka kwambiri, m'zipinda zimene simuloledwa ngakhale kafumbi. Citsulo ca gallium pafupi-fupi conse cimacokera ku China, ndipo mu 2023 dzikolo linakhwimitsa malamulo ocigulitsira kunja. Maiko okhoza kupanga tizidutswa timeneti ndi owerengeka. Ife tonse otsala timangogula.

DZINA LACILENDO, MANKHWALA ONGA MCERE

Apa ndi pamene pakulowera perovskite. Dzinali ndi la mwala umene Gustav Rose anauzindikira mu 1839 kucokera ku mapiri a Ural ku Russia, nauchula dzina polemekeza nduna ina ya kumeneko yokonda za miyala, Lev Perovski. Koma perovskite wa nyali sakumbidwa pansi. Ndi mankhwala opangidwa ndi anthu, onga mcere, amene tinthu tace ta m'kati tinayalana mofanana ndi ta mwala uja, ndipo anangotengera dzinalo monga mwana atengera dzina la ambuye ace.

Mankhwalawa amakhala ndi zinthu zitatu. Coyamba nthawi zambiri ndi citsulo cofewa cochedwa caesium. Caciwiri ndi mtovu, citsulo colemera cija ciri m'mabatire a galimoto. Cacitatu ndi cimodzi mwa zinthu zitatu zapacibale: chlorine, amene timathira m'madzi akumwa kuti tiphe tizirombo, iodine, amene amaikidwa mu mcere wa m'sitolo kuti tisadwale cithokomiro, ndi mbale wao bromine. Codabwitsa ndi ici: mukaika chlorine wambiri mankhwalawo amawala bluu, mukaika bromine amawala mobiriwira, mukaika iodine amawala mofiira. Mitundu yonse ya utawaleza ingaturuke m'mphika umodzi mwa kungosintha zothiramo.

Cina cimene cakopa akatswiri ndi kapangidwe kace. Perovskite safuna ng'anjo ya madigiri 1,000. Amasungunulidwa m'mankhwala amadzi, kupakidwa pa galasi kapena pa pulasitiki, ndi kuumitsidwa pa kutentha kwa madigiri ngati 100, kutentha kumene madzi amawirira pa mafuwa. Copakidwaco cimakhala copyapyala kuposa tsitsi la munthu pafupi-fupi nthawi 1,000. Ciyembekezo ndi cakuti tsiku lina nyali zidzasindikizidwa monga m'mene tsamba muli kuwerengali lasindikizidwira, m'fakitale imene ngakhale dziko losalemera lingathe kumanga.

Liwiro la nchitoyi nlodabwitsadi. Mu 2009 gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan linapanga sola yoyamba ya perovskite, imene inali kusandutsa magawo osakwana 4 pa 100 a mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. Lero masola otere m'nyumba zofufuzira apitirira magawo 25 pa 100. Mu 2014 gulu la Richard Friend pa yunivesite ya Cambridge ku Britain linatembenuza nchitoyo: m'malo molandira kuwala ndi kupereka magetsi, perovskite analandira magetsi napereka kuwala. Nyali zoyambazo zinali zofooka, zosafika ngakhale gawo limodzi pa 100. Pofika 2018 magulu a ku China, Japan ndi Britain anali atapitirira magawo 20 pa 100. Ulendo umene nyali zina zinayenda zaka makumi, iyi inauyenda zaka 4.

Pofuna kuwala koyera, akatswiri ali kuyesa njira zitatu. Ena amasiya LED ya bluu imene tiri nayo kale, nangosintha ufa wa pamwamba kuti ukhale wa perovskite. Ena amasanja perovskite wofiira, wobiriwira ndi wa bluu m'kanyali kamodzi. Ena amafuna mankhwala amodzi okhoza kuturutsa mitundu yonse paokha, ndipo gulu la mai Hemamala Karunadasa pa yunivesite ya Stanford ku America linaonetsa mu 2014 kuti perovskite wotere alipodi.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Tsono ngati zinthu ziri bwino cotere, nanga nyaliyo iri kuti? Yankho ndi lakuti kufikira lero palibe sitolo, ku Lusaka, ku London kapena ku Beijing, imene mungagule babu la m'nyumba la perovskite. Zifukwa zace nzazikulu.

Coyamba ndi kusakhalitsa. Popeza mankhwalawa ali ngati mcere, amaopa cinyezi monga mcere ucitira m'nyengo ya dzinja. Amaonongekanso ndi mpweya ndi kutentha, ndipo ngakhale magetsi omwe amawayatsa amasuntha tinthu ta m'kati mwace kucoka m'malo mwace. Nyali zobiriwira ndi zofiira zayamba kukhalitsa, koma ya bluu ikali m'mbuyo, monga m'mene zinaliri ndi LED yakale, ndipo popanda bluu palibe kuyera. Nyali zoyera zambiri zoyeserera zimazirala pambuyo pa maola owerengeka cabe. Ziyerekezeni ndi maola 15,000 aja. Taganizaninso za kutentha kwa cigwa ca Luangwa mu October, ndi cinyezi ca m'nyumba ya udzu mu January. Nyali yolephera m'cipinda cozizira ca akatswiri singalimbe kwathu kuno.

Caciwiri ndi kusuluka. Mai aliyense adziwa cimene cimacitika akacapira pamodzi citenje cofiira catsopano ndi malaya a mtundu wina. Perovskite wofiira ndi wobiriwira akakhudzana amasinthana iodine ndi bromine, ndipo m'malo mwa mitundu iwiri pamatsala mtundu umodzi wa pakati. Kuyera kuja kumathera pomwepo. Akatswiri amayesa kuwalekanitsa mwa kuwakuta ndi galasi kapena pulasitiki, koma ciriconse coonjezera cimakwezanso mtengo.

Cacitatu, cimene ndico ceni-ceni candicititsa kulemba, ndi mtovu. Perovskite amene amawala bwino koposa onse ndi amene ali ndi mtovu, ndipo mtovu wace ndi wa mtundu wosungunuka m'madzi.

Ife a Zambia sitifunika mlendo kuti atiphunzitse za mtovu. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka ku Kabwe mu 1902, nthawi imene malowo anachedwa Broken Hill, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Papita zaka zoposa 30, koma fumbi la mtovu likali m'dothi la makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo ana obadwa mgodi utatsekedwa kale amapezeka nao m'magazi. Mtovu sununkha, suwawa pakamwa ndipo sutupitsa khungu. Umalowa mwakacetecete mwana akamasewera pa dothi ndi kuika zala m'kamwa, nukaononga ubongo umene ukali kukula. Mwanayo amabvutika kugwira za kusukulu, magazi amacepa, impso zimafooka, ndipo ukaculuka amakomoka, mwina kufa kumene. Cimene mtovu waononga mu ubongo sicibwerera. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'thupi umene udziwika kuti ngwosabvulaza. Mu 2016 Boma linatenga ngongole ku World Bank yothandiza kuyeretsa malo oipitsidwa ndi migodi, Kabwe ali pamodzi, ndipo nchito yocotsa poizoniyo yaoneka kuti njaitali ndi yodula. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Ndidziwa cimene odziwa sayansi angandiyankhe. Adzati mtovu wa m'nyali imodzi ngwocepetsetsa, popeza copakidwa cija ncopyapyala kuposa tsitsi, ndiponso cidzatsekeredwa m'galasi. Zimenezo nzoona ndipo sindizikana. Koma iwo amaganiza za maiko kumene nyali yakufa imatengedwa ndi galimoto nkupita nayo ku fakitale yoiphwasula mosamala. Kwathu nyali yakufa imapita kudzala, kumene nkhuku zimapalasa ndi nkhumba zimafukula. Mwana amaitola, naiswa ndi mwala kuti aone za m'kati, napanga nazo kagalimoto ka waya. Mvula ikagwa, za kudzala zimatsikira kudambo, kumene kuli dimba ndi citsime. Nyali imodzi si kanthu, koma cinthu cikachipa cimagulidwa m'mamiliyoni. Tinaziona kale ndi mababu opiringizika aja osunga magetsi: m'kati mwace munali poizoni wa mekyule, koma ndani wa ife anauzidwa kokawataya atapsa?

Ndiyeneranso kunena zoona zina zimene zingatiwawe. Mtovu woopsa koposa sudzabwera ndi nyali ya mawa, uli kale m'nyumba zathu. Batire limodzi la galimoto, longa limene ambiri timalumikiza ku sola kuti tiyatse wailesi yakanema ndi kuchaja mafoni, liri ndi makilogalamu angapo a mtovu, woposa kutali umene ungapezeke m'nyali za perovskite zodzaza ngolo. Ndaona anyamata ali kuswa mabatire otere ndi nkhwangwa, kutaya asidi pansi ndi kusungunula mtovu m'cibekete pa moto wa makala, ana ang'ono ataima pafupi kupenyerera. Ngati tiopa poizoni wa mawa, tiyambe ndi wa lero.

MKUWA WATHU UNGALOWEMO

Nkhani yotonthoza ndi yakuti akatswiri nao ali kufuna-funa njira yocotsera mtovu. Mu 2018 gulu la Jiang Tang ku Wuhan, m'dziko la China, linalengeza za perovskite wopanda mtovu, wokhala ndi siliva, indium ndi sodium, amene amaturutsa kuwala koyera kofunda ngati kwa babu lakale ndipo amapirira kutentha. Koma siliva ndi indium nzodula, ndipo mankhwalawo amawala bwino akaunikiridwa ndi nyali ina, osati akalandira magetsi okha.

Magulu ena ku Japan ndi ku China atembenukira ku mkuwa. Mkuwa ukaphatikizidwa ndi caesium ndi iodine umapanga mankhwala apacibale ndi perovskite: mtundu wina umawala bluu, wina cikasu, ndipo iwiriyo pamodzi imapereka kuyera. Nyali zotere zikali zofooka poyerekeza ndi za mtovu, koma ziribe poizoni uja. Mzambia aliyense angamve kukoma kuti citsulo ca ku Kitwe, Chingola ndi Solwezi cingadzaunikire nyumba za anthu. Koma tisadzinamize kuti zimenezi zidzakweza mtengo wa mkuwa wathu, pakuti mkuwa wolowa m'nyali imodzi ngwocepa kuposa wa m'kacidutswa ka waya. Phindu liri m'nzeru yopangira, osati m'citsuloco. Dziko limene lidzalemera ndi nyali imeneyi ndi limene ana ace adziwa kuisakaniza.

TICITE CIANI TSONO?

Coyamba, tisadikire. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Nyali ya perovskite ingafike pambuyo pa zaka zambiri, mwinanso ingathere m'mawailesi akanema ndi m'zipangizo zina osafika konse pa denga la nyumba yathu. LED imene iripo lero njokwanira kucotsa utsi m'maso mwa mwana ndi kucepetsa ngozi ya nyumba kupsa ndi kandulo. Banja limene likolola cimanga, nshawa, soya kapena thonje lipatuleko ndalama ya kanyali ka sola lisanagule zina. Amene sangathe payekha alowe m'gulu la banki ya m'mudzi kapena m'kopaletivu, kapena afunse za masola olipira pang'ono-pang'ono pa foni, atamvetsa bwino ndalama yonse imene adzalipira pomaliza.

Caciwiri, tigule mocenjera. Ine ndinagulapo kanyali kokongola pa msika wina, kowala ngati mwezi, koma kanafa pasanathe masabata atatu, ndipo wogulitsayo sindinamuonenso. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kawiri-kawiri cimene cimafa si LED iai, koma batire ndi timawaya tosalimba. Funsani risiti ndi pepala lolonjeza kuti akakusinthirani cinthuco cikafa caka cisanathe. Wokana kupereka pepala adziwa cimene ali kugulitsa. Ndipo wina akadzafika pa msika ndi bokosi lolembedwa dzina lacilendoli, nanena kuti ndi nyali yamakono yosafa, mudzakumbukire kuti ngakhale akatswiri eni ace akali kulimbana nayo.

Cacitatu, mabatire akufa tisawaswe, tisawaoche ndipo tisawataye kudzala kapena m'cimbudzi. Tiwasunge pouma, patali ndi ana ndi citsime, kufikira titawabweza kwa ogulitsa mabatire, amene ambiri amalandira akale. Mafumu, anduna, aphunzitsi ndi a zaumoyo a m'midzi alankhulepo za ici pa misonkhano, monga m'mene amalankhulira za zimbudzi ndi maukonde a udzudzu.

Cacinai ndi pempho langa kwa Boma ndi mabungwe ace. Ku maiko a European Union lamulo linayamba kugwira nchito mu 2006 loletsa kuti mtovu upitirire gawo limodzi pa 1,000 m'zipangizo zambiri za magetsi. Katundu akakanidwa ku msika wa malamulo okhwima amafuna msika wopanda mlonda, ndipo sitifuna kuti msika umenewo ukhale wathu. A Zambia Bureau of Standards ndi a Zambia Compulsory Standards Agency akonzeretu miyeso nyalizo zisanafike pa malire a Chirundu, Nakonde kapena Mwami: ilembedwe pa bokosi kuti m'kati muli ciani, ndipo maola olonjezedwawo ayesedwe m'kutentha ndi m'cinyezi ca kwathu. A Zambia Environmental Management Agency aonetsetse kuti wobweretsa katundu wa mtovu ndiye akhalenso ndi udindo womtolera akafa, mpaka ku boma lakutali monga Chama ndi Vubwi. Mu 2018 dziko lino linaika lamulo loletsa timatumba ta pulasitiki topyapyala. Ngati tinatha kutero ndi pulasitiki, sitingalephere ndi poizoni wa ubongo wa ana. A Rural Electrification Authority, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 kuti afikitse magetsi kumidzi, nao poika sola pa sukulu kapena pa kiliniki aziikiratu m'pangano za amene adzasintha batire ndi amene adzatenga lakufalo.

Comaliza ndi ana athu. Wina anganene kuti zonsezi nza Azungu ndi Machaina, ife zathu ndi khasu. Mau amenewo ndiwo atisunga m'mbuyo. Kale dziko lino linali kupanga mabatire ku Mansa ndi njinga ku Chipata, ndipo anali kugwira nchitoyo anali ana a alimi. Ubwino wa perovskite ndi wakuti kumfufuza sikufuna makina odula monga a LED yakale, kotero University of Zambia, Copperbelt University ndi National Institute for Scientific and Industrial Research angathe kuyambapo, makamaka pa mitundu ya mkuwa ndi pa funso limene akunja sadzatifunsira, lakuti nyaliyo ilimba bwanji m'nyengo yathu. Koma ofufuzawo sadzagwa kumwamba. Adzacokera m'masukulu a ku Katete, Petauke, Lundazi ndi Chadiza, ngati makolo tileka kuuza ana kuti samu ndi sayansi nzobvuta, ndiponso ngati tileka kucotsa atsikana pa sukulu kuti akakwatiwe. Kumbukirani kuti mmodzi wa otsogolera nchito ya kuwala koyera amene ndamchula pamwambapa ndi mai.

Abale ndi alongo a kumidzi, nyali yatsopano ikadzafika yolimba, yochipa ndi yopanda poizoni, ine ndidzakhala woyamba kukuuzani pa tsamba lino kuti muigule. Ikadzafika ndi mtovu popanda woyang'anira, tidzakhala ndi cifukwa cabwino coikanira, pakuti tidziwa cimene cinacitikira anzathu a ku Kabwe. Pakali pano pali nchito imene siyembekeza akatswiri a ku Cambridge kapena ku Wuhan. Madzulo ano yang'anani kumene mwana wanu akuwerengera, muone ngati kuwalako kukwanira. Mawa m'mawa yang'anani kuseri kwa nyumba, muone ngati kuli batire lakufa limene ana akuseweretsa, ndipo mulicotsepo.